Wailesi Ikakana Kulankhula

Kwa Katunga, m'boma la Chikwawa, monganso m'madera ena a dziko lino, alipo ana aluso amene amatola zidutswa za mawailesi akufa nalumikiza wailesi yawoyawo. Sipika amaiika pakamwa pa chigubu kapena mtsuko kuti mawu azimveka mwamphamvu. Koma kaŵirikaŵiri ntchito yonse ikatha, wailesi ija imangoti zii!

Munthu wosadziŵa amayamba kuigogoda kapena kumasula zonse, ndipo potero amaononga ndi zimene zinali zabwino zomwe. Mmisiri satero ayi. Iye amalondola njira ya magetsi kuyambira kumene amachokera mpaka kumene mawu amatulukira, monga mlimi wa ku Kasinthula amalondolera ngalande pofuna kupeza pamene madzi atsekeka.

Choyamba amayang'ana mabatire. Batire limodzi la mutochi lili ndi mphamvu ya mavoti 1.5, choncho mabatire anayi otsatana amapereka mavoti 6. Mutu wa batire lina uyenera kukhudza tsinde la linzake. Limodzi lokha likatembenuzika, mphamvu imachepa kwambiri. Mmisiri amayesa batire lililonse ndi kababu ka tochi. Kakaŵala mofooka, ndiye kuti batirelo latha.

Kenaka amaona mawaya. Magetsi amayenda pokhapokha njira yawo ili yolumikizana ponseponse. Nyengo ya dzinja chinyezi chimadzetsa dzimbiri pa zitsulo, ndipo dzimbirilo limatseka njira. Mmisiri amalipala ndi mpeni mpaka chitsulo chitayera. Amakokanso waya aliyense pang'onopang'ono, chifukwa waya amatha kuduka m'kati pamene chikopa chake chili bwinobwino. Pamene pamasuka amaotcherera ndi mtovu, kenaka amasamba m'manja popeza mtovu ndi poizoni.

Chachitatu ndi sipika. M'kati mwake muli maginito ndi waya wopyapyala wokulungidwa, amene amagwedeza pepala lolimba kuti litulutse mawu. Mmisiri amachotsa sipikayo nakhudzitsa mawaya ake aŵiri ku batire limodzi kwa kamphindi. Ikati thethe, ili moyo. Ikakhala chete, waya wa m'kati waduka.

Zonsezi zikakhala bwino, vuto lili pa tizipangizo ting'onoting'ono tokuza mawu. Kena kakatentha kwambiri kapena kununkha ngati chopserera, mmisiri amachotsa mabatire msanga, chifukwa mwina mawaya agundana kapena kachipangizo kaikidwa mozondoka. Amasintha chinthu chimodzi, nayesa, asanakhudze china. Akasintha zambiri nthaŵi imodzi, sangadziŵe chimene chinalakwika.

Pali lamulo limodzi losayenera kuiŵalika. Wailesi yotere isalumikizidwe ku magetsi a ESCOM. Magetsiwo ndi a mavoti 230, ndipo amapha munthu.

Luso lotere si lonyozeka. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu anayamba ndi kukonza mawailesi a anthu a m'mudzi mwake. Ali ndi zaka 14 anapanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Ndithu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso
1. Kodi mabatire asanu ndi limodzi otsatana amapereka mavoti angati?
2. Fotokozani m'mene mmisiri amayesera sipika.
3. N'chifukwa chiyani mmisiri amasintha chinthu chimodzichimodzi?
4. Perekani tanthauzo la mwambi umene uli kumapeto kwa nkhaniyi.