Superman, Hulk ndi chingwe cha Kalulu

CHIPERA, Marávia — Pali mkangano umene sukutha pakati pa anyamata a sukulu kuno, ndipo si wa mpira ayi. Funso lake ndi ili: Superman atagwirana ndi Hulk, angagwe pansi ndani? Abambo awo ankakangana chimodzimodzi za Rambo ndi Bruce Lee akamatuluka m'tinyumba toonetsera vidiyo. Lero ziphona zimenezi zimafikira pa foni yotchajidwa pa sola, mitu isanu kuunjikana pa kagalasi kamodzi. Akuluakulu amangoti ndi zachibwana. Komatu funsoli ndi lakale kuno, ndipo agogo ndi amene ali ndi yankho lake.

Superman, amene m'Chipwitikizi amati Super-Homem, sanayambire m'mafilimu. Anayambira m'timabuku ta nkhani za zithunzi, tija amati banda desenhada. Anamupeka ndi anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland ku America, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula, ndipo anatuluka koyamba mu 1938. Nkhani yake imati ndi mwana wa ku dziko lina lakutali lotchedwa Krypton. Dzikolo litatsala pang'ono kuphulika, makolo ake anamuika m'chombo chouluka, ndipo chombocho chinadzagwera ku America kumene banja lina linamutola ndi kumulera. Hulk ndi wamng'ono kwa iye: anabwera mu 1962, kuchokera kwa Stan Lee ndi Jack Kirby. Iyeyu ndi munthu wophunzira, Bruce Banner, amene akapsa mtima amasanduka chimunthu chobiriwira, ndipo mkwiyo ukamakula mphamvu nazo zimakula.

Chovuta n'chakuti Superman si mmodzi. Wa mu 1938 sankauluka n'komwe. Ankangolumpha mtunda wautali ndi kunyamula galimoto m'manja. Pofika zaka za m'ma 1960 olemba anali atamuonjezera mphamvu mpaka ankakankha maiko athunthu mlengalenga. Kenaka anaona kuti nkhani ya munthu amene palibe chingamugwetse imatopetsa, ndipo mu 1986 wolemba John Byrne anamuchotsera mphamvu zina. Mu 1992 chilombo chotchedwa Doomsday chinamupha, chaka chotsatira anadzuka. Choncho mnyamata akanena kuti Superman ndiye wamphamvu, mnzake ayenera kumufunsa kuti akunena Superman uti, wa chaka chiti.

Kampani ya DC, mwini wake wa Superman, inapeza njira yozembera chisokonezo chimenechi. Kuyambira mu 1961 inayamba kuuza owerenga kuti maiko alipo ambiri, ofanana ndi lathuli, oyandikana koma osaonana, ndipo lililonse lili ndi ngwazi zake za maina omwewo. Apa ndi pamene olemba anapezera ufulu. M'buku lina la mu 2003 chombo chija sichigwera ku America, chimagwera pa munda wa gulu ku Ukraine, m'nthawi ya Soviet Union. Mwanayo amakula akutumikira Stalin, pachifuwa atavala chizindikiro cha nyundo ndi chikwakwa. Amene akukumbukira minda ya gulu ndi midzi ya aldeia comunal ya zaka zotsatira ufulu wa 1975 sangavutike kumva nkhaniyo. Mu 2009 kunatulukanso Superman wakuda, Calvin Ellis, amene m'dziko lake ndi pulezidenti wa America. Magazi ndi amodzi, koma aliyense anatengera kumene analeredwa.

Nanga ndewu zenizenizo? Mu 1978 DC inatulutsa buku limene Superman amamenyana nkhonya ndi Muhammad Ali, yemwe uja anagwetsa George Foreman ku Kinshasa mu 1974. Popeza mphamvu za Superman zimachokera ku dzuwa lachikasu, olemba anakaika nkhonyazo pansi pa dzuwa lofiira, ndipo Ali anamusambitsa chokweza. Ndi Hulk anakumana mu 1996, pamene DC ndi Marvel, kampani ya Hulk, zinagwirizana kuti ngwazi zawo zimenyane. Pa ndewu zina makampaniwo anapempha owerenga kuti aponye voti, ndipo Superman anapambana. Anapambana ndi mavoti, osati ndi mkono. Stan Lee mwini wake ankaseka anthu omufunsa funso lotere, nkumati amapambana ndi amene wolemba nkhaniyo wafuna.

Munthu wa ku Chipera sayenera kupita ku America kuti amve zimenezi. Njovu ndi mvuu amazidziwa bwino, ina imathyola chimanga m'munda, ina imagubuduza bwato pa nyanja ya Cahora Bassa. Ndipo nthano inafunsa kalekale kuti wamphamvu ndani pa awiriwa. Kalulu anapita kwa Njovu nadzitama kuti akhoza kumukoka ndi chingwe. Njovu anaseka, navomera. Kalulu anatsikira kumadzi nanena zomwezo kwa Mvuu. Tsiku litafika anapatsa Njovu nsonga imodzi ya chingwe, Mvuu nsonga inayo, iye nabisala patchire pakati pawo. Zimphona ziwirizo zinakokana mpaka dzuwa kupendeka, chilichonse chikudabwa kuti kanyama kakang'ono kotere kazitenga kuti mphamvu. Palibe anakoka mnzake. Ulemu unapita kwa amene sanagwire chingwe n'komwe.

Wina angati ndiye kuti Kalulu ndi ngwazi yoposa onse. Ayi ndithu. Pa nthano ya chitsime, chija Kalulu anakana kukumba nawo koma ankabwera usiku kudzatunga, alonda akuluakulu onse anawapusitsa ndi uchi nawamanga. Amene anamugwira ndi Fulu, atadzipaka ulimbo pamsana. Pa mpikisano wothamanga Fulu yemweyo anamupambana poika abale ake m'njira monse. Tsono Kalulu aposa Njovu, Fulu aposa Kalulu, pamene Njovu akhoza kuponda Fulu osadziwa kuti waponda kanthu. Amene angafune kundandalika nyamazi kuyambira yamphamvu kufikira yofooka adzangozungulira ngati mbuzi pa chikhomo.

Kalulu nayenso ali ndi maiko ake ambiri. Kwa Ashona ku Zimbabwe ndi Tsuro, ndipo kawirikawiri amene amapusitsidwa ndi Gudo, nyani. Kummwera kwa Moçambique, kwa Atsonga, ndi N'wampfundla. Kwa olankhula Chiswahili ndi Sungura. Ku Nigeria nthano ya chingwe ilipo, koma wokokanitsa Njovu ndi Mvuu ndi kamba. Anthu amene anatengedwa ukapolo anawoloka nazo nyanja nthanozi. Ku America kalulu anasanduka Brer Rabbit, ndipo m'buku limene Joel Chandler Harris anatulutsa mu 1880 amagwidwa ndi chidole cha phula lakuda m'malo mwa ulimbo wa Fulu. Ku Louisiana nthano ya chingwe inalembedwa mu 1895, ndipo kumeneko wokokana ndi njovu ndi namgumi. Wofotokoza aliyense anaika nyama yaikulu ya m'madzi imene omvera ake ankaidziwa.

Ngakhale m'mudzi umodzi nthano siikhala imodzi. M'zaka za nkhondo mabanja ambiri a m'maboma a m'malire anathawira ku Zambia, ena ku msasa wa Ukwimi ku Petauke, ena ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anabwerera, ndipo ana obadwira kutsidyako anabwera ndi nthano zimene anamva kumeneko. N'chifukwa chake agogo awiri oyandikana nyumba akhoza kusiyana pa mathero a nthano ya chitsime, wina nkumati Kalulu anaduka mchira pothawa, wina nkumati anapulumuka wathunthu. Ana amangoyankha kuti tili tonse, ndipo palibe amapita kwa amfumu kukadandaula kuti nthano yaonongeka.

Pamene Kalulu ndi Superman amasiyanadi ndi pa umwini. Siegel ndi Shuster anagulitsa ngwazi yawo kwa kampani mu 1938 pa madola 130 okha. Kampani inalemera, iwo anasauka. Anakasuma kukhoti mu 1947 koma Superman sanamutengenso, ndipo maina awo anachotsedwa pa timabukuto. Mu 1975, Shuster maso atayamba kale kuchita khungu, ndi pamene eni kampani anavomera kuwapatsa madola 20,000 aliyense pachaka ndi kubwezeretsa maina awo. Kabuku koyamba kaja kankagulitsidwa masenti 10. Mu 2024 kamodzi kanagulidwa madola 6 miliyoni.

Agogo a ku Chipera akhoza usiku uno kupatsa Kalulu njinga yamoto kapena kumugonjetsa kwa chule, osapempha chilolezo kwa munthu. Wofuna kusindikiza nkhani yake ya Superman ayenera kudikira. Malinga ndi malamulo a ku America, umwini wa kampani pa kabuku ka 1938 udzatha mu 2034, ndipo amene adzamasuke nthawi imeneyo ndi woyamba uja, wolumpha wosauluka.