Zaka 56 pa bwalo limodzi: nkhani ya a Eddie Robinson

Tikamva za mpira wa ku America, uja osewera amavala zisoti n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo, ambirife timangoti ndi masewera a anthu a ndalama. Koma a Eddie Robinson atayamba kuphunzitsa mpirawu mu 1941 pa kakoleji ka anthu akuda ku Grambling, m'chigawo cha Louisiana, ndalama kunalibe. Anali ndi zaka 22 zokha.

Nthawi imeneyo malamulo a tsankho sankalola mwana wakuda kulowa m'makoleji a azungu kummwera kwa dzikolo. Mkuluyu ankalemba yekha mizere ya pabwalo, kumanga mabala a anyamata ake, ndipo mpira ukatha n'kukhalanso pansi kulemba nkhani yotumiza ku nyuzipepala. Mu 1942 timu yake inapambana masewera onse 9, adani osagoletsa ngakhale kamodzi.

Anyamata oposa 200 odutsa m'manja mwawo anakalowa mpira wolipidwa. Tank Younger anatengedwa ndi Los Angeles Rams mu 1949. Doug Williams, mu 1988, anakhala wakuda woyamba kutsogolera timu ngati quarterback n'kupambana Super Bowl. Mu 1985 a Robinson anapitirira masewera 323 omwe anapambana Bear Bryant wa ku Alabama.

Komatu chomwe chimandikhudza ine si ziwerengerozi ayi. Tsankho litayamba kutha, makoleji akuluakulu monga Alabama ndi LSU anatsegula zitseko, ndipo anyamata aluso omwe kale akanapita ku Grambling anayamba kuthamangira komwe kunali mabwalo aakulu ndi wailesi yakanema. Ndani angawadzudzule? Ufulu womwe anthu akuda anaulirira ndi womwewo unawalanda a Robinson osewera. Choncho zaka zitatu zomaliza, 1995 mpaka 1997, timu inagonja kambiri kuposa kupambana, ndipo ena, kuiwala msanga kwakeko, anayamba kunena kuti nkhalambayo ichoke. Ine ndimati kumeneko kunali kusayamika, ngakhale n'zoona kuti munthu wa zaka 78 sangathamange ndi anyamata mpaka kale.

Anapuma mu 1997 atapambana masewera 408, ndipo mpando wawo anautenga ndi Doug Williams yemwe uja. A Robinson anamwalira mu 2007.