MWANA WANU WA PA SUKULU AKHALE MLEMBI WA MUNDA

Alimi anzanga, kodi chaka chatha munapindula kapena munataya ndalama? Ambiri ndikawafunsa amati, "Nkhokwe inadzaza." Koma nkhokwe siuza munthu ndalama zimene zinalowa m'nthaka.

Ana anu amaphunzira masamu ku sukulu. Ena amapitirira kukaphunzira kasungidwe ka mabuku a ndalama ku Malawi College of Accountancy ku Blantyre, ena za ulimi ku Bunda. Nzeru zotere si za m'ofesi mokha ayi. Munda wanunso uzifuna.

Gulani kope limodzi, mumpatse mwana. Ku tsamba la kumanja azilemba zotuluka ndi tsiku lake: mbewu, thumba lililonse la feteleza la makilogalamu 50, aganyu, ngolo yotuta, ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Ku tsamba la kumanzere azilemba zolowa. Chimanga chimene mwadya pakhomo kapena kulipira aganyu achilembenso, pakuti nachonso ndi ndalama.

Mutakolola, aphatikize zotuluka zonse, nazigawe ndi matumba amene mwapeza. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa thumba limodzi. Mukapanda kuudziwa, wogula akafika ndi sikelo yake m'mwezi wa Meyi mudzamgulitsa motaya, ndipo mu Febuluwale mudzagula chimanga chomwecho modula, fizi ya mwana yemweyo isanalipidwe.

Musachite manyazi kuphunzira kwa mwana wanu. Pakavuta, bwerani nalo kopelo kwa mlangizi wa kwanu. Safunsa anadya phula.