MKANGANO WA ALENJE PA MBAWALA ZOPANDA NYANGA KU PENNSYLVANIA

M'chigawo cha Pennsylvania, m'dziko la America, muli nyama yonga mbawala imene eni dziko amaitcha deer. Yamphongo ndiyo imera nyanga, ndipo nyangazo zimathothoka chaka ndi chaka. Tsono mlandu umene wavuta alenje a kumeneko ndi uwu: kodi nkoyenera kuombera zopanda nyanga, ndiye kuti zazikazi ndi ana, makamaka mofulumira m'mwezi wa Okutobala, nyengo yaikulu ya uzimba isanafike?

Mlanduwu ngwakale. Nyamazi zitatsala pang'ono kutha, Boma linaika lamulo m'chaka cha 1907 loletsa kupha zazikazi. Pakuti mimbulu ndi mikango ya m'mapiri zinali zitatha kale m'chigawomo, ndipo yaikazi kawirikawiri imaswa ana awiri, mbawalazo zinachuluka mpaka kumaliza msipu. M'chaka cha 1928 bungwe la Boma loyang'anira nyama, limene lero litchedwa Pennsylvania Game Commission, linalola kupha zopanda nyanga m'madera ambiri a chigawochi, ndipo alenje ambiri anakwiya, chifukwa anakula akumva kuti mlenje weniweni saombera make wa nyama.

Nkhaniyi inabukanso pamene Bambo Gary Alt anapatsidwa ntchito yoyang'anira mbawala m'chaka cha 1999. Iwo anayendera alenje m'misonkhano yambiri, nawauza kuti nkhalango zikufa: mitengo yaing'ono inali kudyedwa isanakule, ndipo pansi panatsala zomera zokhazo zimene mbawala sizidya. Mu ulamuliro wawo munayamba nyengo ya Okutobala yoombera zopanda nyanga ndi mfuti za gogodela, ndipo mu 2001 analola kusaka zamphongo ndi zazikazi pamodzi kwa milungu iwiri. Anthu ena anawada kwambiri, ndipo Bambo Alt anatula pansi udindo kumapeto kwa 2004.

Alenje ovomereza amati kupha yamphongo sikuchepetsa gulu, pakuti mphongo imodzi imakwera zazikazi zingapo. Wofuna kuchepetsa gulu ayenera kuchotsa zazikazi. Akutinso kuzichotsa mu Okutobala, zisanakweredwe mu Novembala, kumasungira zotsalazo chakudya cha m'nyengo ya chisanu.

Otsutsa nawonso ali ndi mfundo, ndipo si zonse zopepuka. Amati masiku ena a Okutobala amatentha, motero nyama imaonongeka msanga. Kuti kulira kwa mfuti kumabalalitsa mbawala pamene osaka ndi uta ali m'thengo. Ndiponso kuti ana amphongo amene nyanga sizinatuluke amafera momwemo, mlenje akuyesa ndi zazikazi. Mfundo yotsirizayi njoona, ndipo mankhwala ake ndi kupenyetsetsa asanaombe. Za ana amasiye, ife sitiona chifukwa chodera nkhawa, pakuti obadwa mu Meyi kapena Juni amatha kudzidyera okha pofika Okutobala.

Dandaulo lalikulu ndi la alenje a kumapiri a kumpoto, amene amati amatha tsiku lathunthu osaona mbawala. Tiwamvere chisoni, komatu maso a mlenje mmodzi sangawerenge nyama za chigawo chonse, ndipo masiku akale amene iwo amawakumbuka ndi omwewo amene nkhalango inali kudyedwa. Kuonjezera apo, nthenda ya ubongo yopha mbawala, imene imafala msanga pamene nyama zathithikana, inapezeka m'chigawochi m'chaka cha 2012, ndipo m'madera amene yafika bungwe lija limapereka ziphaso zina zoonjezera zoombera zopanda nyanga.