Kutsuka Injini ya Galimoto Pakhomo

Ine ndimati munthu wofuna kutsuka injini ya galimoto yake pakhomo ayambe waileka kuti izizire, pakuti chitsulo chotentha chikathiridwa madzi ozizira chikhoza kung'aluka, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamenepo amasule waya wa batire wa mbali ya negative, aphimbenso alternator, bokosi la mafyuzi ndi polowera mpweya ndi pulasitiki, popeza madzi ndi magetsi siziyanjana. Girizi wakuda womata m'makona ndimamupaka sopo ndi kumukwecha ndi mswachi wakale. Zoyera zomera pamitu ya batire zimachoka ndi soda wosungunula m'madzi. Potsukuluza ndimakana paipi yamphamvu: madzi athiridwe pang'onopang'ono, kenaka injiniyo ipukutidwe ndi nsanza youma, kuti podontha oyilo paonekere msanga.