Haji ya pa hotela yotchipa yabutsa mtsutso ku Milonde

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Msilamu wofuna kupita ku Haji sakuyambanso ndi kufunsa za ndege. Akuyamba wafunsa za kogona, poti ku Makkah mtengo wa bedi umakwera ukamayandikira Kaaba.

Ku Milonde m'boma la Mulanje kuli bambo ena achikulire, alimi a tiyi, omwe anapita ku Haji ya mu Juni 2024. Ndalama za tiyi pazokha sizikanakwana. Anagulitsa ng'ombe, ndipo mwana wawo wa ku Joni anaonjezerapo. Anakafikira ku Aziziyah, dera la mahotela otchipa lomwe lili makilomita angapo kuchokera ku mzikiti waukulu wa Haram.

Za m'chipindamo amazifotokoza akuseka. Mabedi anali othithikana, anthu a mayiko osiyanasiyana, bafa limodzi. Mnzawo wina ankaliza mkonono usiku wonse, wina ankayanika nsalu zake za ihramu pa chingwe chomwe anachimangirira ku zenera, madzi n'kumadonthera pa masutikesi a anzake. Chikepe chinkachedwa moti nthawi zina ankangotsika wapansi. Chakudya chinali mpunga ndi nkhuku, lero ndi mawa lomwe, mpaka nsima anayamba kuilota. Koma makina oziziritsa mpweya ankagwira ntchito, ndipo chaka chimenecho ichi sichinali chinthu chaching'ono: kutentha kunapitirira madigiri 50, ndipo anthu oposa 1,300 anamwalira, ambiri mwa iwo opanda chilolezo cha Haji, omwe analibe tenti kapena basi yoti abisalemo.

Chomwe chautsa mtsutso pa khonde la mzikiti wa ku Milonde ndi swala. Masiku a Haji atayandikira, misewu inadzaza, mabasi opita ku Haram anasowa, ndipo bambowa ankaswalira mu kamzikiti koyandikana ndi hotela. Asilamu amaphunzitsidwa kuti swala imodzi ya ku Haram imaposa swala 100,000 za kwina. Tsono ena akuti munthu wogulitsa ng'ombe n'kuwoloka nyanja, kenaka n'kumakaswalira kutali ndi Kaaba, wadzimana yekha. Kuli bwino kudikira zaka zina, ndalama zikwanire hotela yapafupi.

Ena akutsutsa. Akuti mashehe ambiri, kuyambira kalekale, amati malipirowo ndi a dera lonse lopatulika la Makkah, osati mkati mwa mzikiti mokha, ndipo Aziziyah ili m'malire a deralo. Akukumbutsanso kuti tsinde la Haji ndi kuima pa Arafat, komwe wa hotela yapamwamba ndi wa yotchipa onse amavala nsalu ziwiri zoyera. Komanso Aziziyah yayandikana ndi Mina, kotero kuti pa masiku ogenda miyala bambowa ankatha kupita wapansi. Mfundo ya kudikira ndiyo ikuoneka yofooka: munthu wokalamba, kwacha ikutsika chaka ndi chaka, adikire mpaka liti?

Eni akewo mtsutsowu saulowerera kwenikweni. Achinyamata akawapeza, safunsa za malipiro a swala. Amafunsa ngati n'zololedwa kunyamula ufa wa nsima m'ndege, ndiponso ngati ku hotela zotchipazo kuli malo ophikira.