Chikwama Chodula Kuposa Nyumba

Nkhani yathu ya lero ikutitengera kutali, ku mizinda ya Paris, Hong Kong ndi New York, kumene kuli malonda ena amene munthu akawamva koyamba amayesa nthano. Malonda ake ndi a zikwama za m'manja za amayi, zina mwa izo zodula kuposa nyumba ya njerwa zootcha. Pambali pa malondawo paphukanso malonda ena, a zikwama zachinyengo. Tifuna tione chimene chimakweza mtengo wa zikwamazi, ndi chifukwa chake chinyengo sichitalikirana nazo.

Tiyambe ndi dzina la Hermès. M'chaka cha 1837, bambo wina wotchedwa Thierry Hermès adatsegula malo ake a ntchito mu mzinda wa Paris ku France, kumene ankasoka zomangira akavalo. Galimoto zitayamba kulanda malo a akavalo, zidzukulu zake zidatenga luso lomwelo la zikopa n'kuyamba kusokera zikwama ndi katundu wina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mkulu wa kampaniyo, a Jean-Louis Dumas, adakhala moyandikana m'ndege ndi mayi Jane Birkin, woimba ndi wochita zisudzo wochokera ku Britain. Mayiyo adadandaula kuti sankapeza chikwama chachikopa chokwana katundu wake yense. Pa kucheza kumeneko padabadwa chikwama chimene chidatuluka mu 1984, nachipatsidwa dzina lakuti Birkin.

Chikwama chimenechi amachisoka ndi manja, ndipo mmisiri mmodzi ndiye amachiyamba ndi kuchimaliza. Amagwiritsa ntchito singano ziwiri pa ulusi umodzi wopakidwa phula, monga ankasokera zishalo za akavalo, kotero kuti ulusi ukaduka pamalo amodzi msoko wonse sumasuka. Zikopa zake ndi za ng'ombe, za nthiwatiwa kapena za ng'ona, ndipo zina mwa zikopa za ng'onazo zimachokera kufupi konkuno, ku mafamu a m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Zimbabwe. Ntchito yake ndi yolongosoka, palibe wotsutsa. Komabe chikopa ndi thukuta la mmisiri pazokha sizingafikitse mtengo pamene uli, pakuti m'sitolo ya kampaniyo ku America chikwama cha Birkin chotsika mtengo chimapitirira madola 10,000.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mutanyamula ndalamazo m'manja, simungangolowa m'sitolo n'kuloza chikwama monga tichitira pogula chitenje. Kampaniyo imapanga zikwama zochepa kuyerekeza ndi anthu ozifuna, ndipo ogulitsa m'sitolo ndiwo amasankha woti amuonetse chikwama. Ogula ambiri amanena kuti munthu amayenera ayambe wadziwika pogula nsapato, mipango ndi zina zotero. Mu March 2024, anthu awiri a ku California adakasumira kampaniyo kukhothi pa nkhani imeneyi, ponena kuti kumeneko n'kukakamiza wogula, koma mu 2025 woweruza adautaya mlanduwo.

Tsono mudziwa kale, omvera, zimene zimachitika chinthu chikasowa: nthawi ya njala mtengo wa chimanga pamsika umasiyana kutali ndi wa kudepoti. Ndi mmenenso zilili ndi zikwamazi. Munthu amene wachita mwayi wogula Birkin m'sitolo akhoza kuigulitsa tsiku lomwelo pa mtengo wowirikiza kawiri kwa wina amene safuna kudikira. Katundu wambiri, kaya njinga kaya wailesi, amatsika mtengo akangotuluka m'sitolo, koma uyu amakwera. Motero pabadwa makampani amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsanso zikwama zogwiritsidwapo kale ntchito, ambiri mwa iwo pa intaneti. Zina zimagulitsidwa pa okushoni, monga achitira ndi fodya, kumene wotchula mtengo waukulu ndiye amatenga. Mu 2017, kampani ya Christie's idagulitsa ku Hong Kong chikwama cha chikopa cha ng'ona chotchedwa Himalaya pa madola pafupifupi 380,000. Mu July 2025, kampani ya Sotheby's idagulitsa ku Paris chikwama choyambirira chenicheni cha mayi Birkin, chakutha ndi chokalikakalika, pa mayuro 8.6 miliyoni. Apa mpamene tionera poyera kuti wogulayo sadalipire chikopa ayi. Adalipira dzina ndi mbiri yake.

Ndipo dzina, amayi ndi abambo, n'losavuta kuba kusiyana ndi luso. Pamene pali uchi ntchentche sizisowa. Mabungwe a OECD ndi EUIPO adalengeza mu 2019 kuti m'chaka cha 2016 katundu wachinyengo wodutsa m'malire a maiko adakwana madola 509 biliyoni, ndiye kuti 3.3 pa 100 alionse a malonda a dziko lonse. Nsapato, zovala ndi katundu wachikopa zidali patsogolo pa zolandidwa m'malire, ndipo zambiri zidachokera ku China ndi ku Hong Kong.

Zikwama zachinyengozi zili m'magulu. Pali zotchipa zoyalidwa m'mbali mwa msewu, monga pa Canal Street ku New York, zimene wogula amadziwa yekha kuti si zenizeni. Koma palinso zina zosokedwa ndi manja, ndi chikopa chabwino, zoikidwa m'bokosi lofanana ndi lenileni pamodzi ndi lisiti lopeka. Zimenezi ndizo zoopsa, chifukwa zimalowa pamsika wa zogulitsanso n'kugulidwa pa mtengo wa chenicheni. Mu 2020, khothi la ku Paris lidapeza olakwa gulu la anthu amene ankasoka zikwama za Birkin zabodza za chikopa cha ng'ona n'kumazigulitsa makamaka kwa alendo ochokera ku Asia. Ambiri a m'gululo adali oti adagwirapo ntchito ku Hermès komweko. Taganizani: manja ake omwewo, luso lake lomwelo, koma chikwama n'kukhala chabodza chifukwa sichidatuluke pakhomo la mwini dzina.

Nanga chenicheni amachidziwa bwanji? Akatswiri amayang'ana kupendekeka kwa msoko, kulemera kwa loko ndi zitsulo, fungo la chikopa, kadindidwe ka zilembo za dzina, ndi chizindikiro cha chaka chimene mmisiri amadinda pachikopa. Kampani ya Entrupy ya ku New York imajambula chikopa ndi kamera yokuza zinthu, kenaka kompyuta n'kufanizira zithunzizo ndi za zikwama zodziwika. Palinso kamsampha kena: Hermès sapereka khadi lotsimikizira kuti chikwama n'chenicheni, choncho wogulitsa akaonetsa khadi lotere wadziulula yekha. Ngakhale zili choncho, ogulitsanso otchuka nawonso amagwa m'mavuto. Mu February 2024, khothi la ku New York lidagamula kuti sitolo ya What Goes Around Comes Around ilipire kampani ya Chanel madola 4 miliyoni pa mlandu wokhudza katundu wachinyengo ndi kugwiritsa ntchito dzina la eni ake mosaloledwa.

Mwina wina kumudziko akuti, "Nanga olemera akapusitsana okhaokha, ife zitikhudza chiyani?" Zitikhudza pawiri. Poyamba, alipo abale athu amene amakaoda katundu ku Johannesburg, ku Dar es Salaam ngakhale ku Guangzhou, ndi ena amene amapita ku Ulaya. Iwowa adziwe kuti katundu wodindidwa dzina la eni ake mwachinyengo akhoza kulandidwa pachipata, mpamba wonse n'kuthera pomwepo. Ku France lamulo limafika mpaka pa chindapusa cha mayuro 300,000 ndi zaka zitatu m'ndende, ndipo ngakhale wongonyamula katundu wotere akhoza kuimbidwa mlandu. Kachiwiri, nzeru imene imadinda dzina labodza pachikwama ndi yomweyo imene imathira mchenga m'thumba la feteleza, imapaka utoto chimanga chakudya n'kuchitcha mbewu, ndi kuika ufa wachabe m'botolo la mankhwala. Mayi wa ku Paris akanyengedwa amataya ndalama. Mlimi akanyengedwa amataya chaka chonse, ndipo wodwala amataya moyo.

Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Dzina lolembedwa pakatundu ndi lonjezo chabe, ndipo lonjezo limalemera molingana ndi amene walipereka. Choncho pogula chinthu chamtengo wapatali, kaya ndi chikwama kaya ndi thumba la mbewu, funsani kumene chachokera, gulani kwa munthu amene mudzampezanso mawa pamalo omwewo, sungani lisiti, ndipo mtengo ukatsika mopitirira muyeso, bwezani ndalama m'thumba muyambe mwaganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.